Chisa cha m'Chumuni cha a Salmela

M'tauni ya Kivela, munthu akachedwa kutsegula katani ya kukhitchini, oyandikana naye saganiza zoti wagona tulo tokoma. Amavala nsapato n'kukagogoda. N'zimene zinapulumutsa a Arvo Salmela Lolemba lija. Mayi Verna Tuomi, a nyumba ya kutsidya kwa msewu, anamwa khofi woyamba katani ili chitsekere, anathira wachiwiri ili chitsekerebe, basi anatenga kiyi amene anawasungitsa malemu akazi a Arvo n'kuwoloka msewu. Anawapeza akuluwo ali kwala pansi pafupi ndi bedi, akupuma movutikira.

Pamene Sajeni Marcy Gauthier wa kupolisi ankafika, ambulansi inali itapita kale. Zitseko ndi mawindo zinali pululu kuti mphepo ilowe, ndipo Bud Carlyon, mkulu wa ozimitsa moto, ankatsika pa makwerero atanyamula kanthu m'manja.

"Nkhani yatha, Marcy, bwerera ukamalize khofi wako," anatero Bud, n'kuponya kanthuko pa chipale chofewa chimene chinagwa usiku. "Chisa cha mbalame ndi udzu wake. Chinatseka chumuni, mpweya woipa n'kubwerera m'nyumba. Uja wosaoneka, wosanunkha, wongogoneka munthu osadzukanso. Mwayi wawo ngwakuti amagona windo lili lotsegula pang'ono ngakhale kuzizire chotani."

"Nanga alamu yochenjeza za mpweyawo?"

"Ili pakhoma, yopanda mabatire. Ukudabwa chiyani? Ng'anjo yawo ya mafuta ija sinaonepo mmisiri chiikireni. Tauni yonse ikudziwa."

Tauni yonse inkadziwadi, chifukwa a Arvo sankalola kuti wina aiwale. Kumalo omwera khofi, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, ankapeza podzera kuti anene kuti ng'anjo yawo ya m'chipinda chapansi yatenthetsa nyumba zaka zosawerengeka popanda dzanja la mlendo kuikhudza. Ena ankaseka, ena ankachita nsanje, chifukwa ng'anjoyo sinkafadi ngakhale mu Januwale, pamene za anthu ena zinkakhosomola.

Marcy sankafulumira pa chilichonse. Anzake kuntchito ankati amayenda ngati akuopa kudzutsa nthaka, koma iye zinkamulowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ananjuta n'kuchitembenuza chisacho ndi cholembera. Chinali chomatidwa ndi dothi mkati, ndipo m'mbali mwake munalukidwa timaulusi ta ubweya tobiriwira ngati thambo. Kenako anayang'ana pamene chinagwera. Chipale chinali choyera mbee, kungodetsedwa pang'ono ngati wina wawazapo tsabola.

"Bud, tandionetsa magolovesi ako."

"Bwanji, ukufuna kundigulira ena?"

Anatambasula manja. Munthu amene anangopisa mkono wonse m'chumuni chimene sichinasesedwepo chibadwire, magolovesi ake anali oti akhoza kupita nawo kutchalitchi. Marcy anaika chisacho m'thumba la pepala n'kukwera galimoto.

*

Kuchipatala anawapeza a Arvo atakhala tsonga, tipaipi ta mpweya tili m'mphuno, akukangana ndi mwana wawo. Zimenezi zinamukhazika mtima pansi Marcy. Nkhalamba imene ikutha kukangana ndiye kuti manda ayamba adikira.

Mwanayo, Glenn, anali bambo wa imvi zake, wogwira ntchito muofesi kumzinda wakutali kummwera. Anali atayendetsa galimoto m'mawa wonse atangomva, ndipo maso ake anali psuu.

"Ndiwe mwana wa Gauthier uja, eti?" anatero a Arvo. "Unkatiphikira nyemba zopserera kumsasa wa alenje. Ndiye lero ukumanga anthu? Mumange uyu, akufuna kundiba."

"Bambo, chonde," anatero Glenn. Anatembenukira kwa Marcy. "Ndalankhula ndi adokotala. Akuti ngati vuto ndi lakuti bambo sakuthanso kusamala nyumba, sangawalole kubwererako okha. Ndawapezera malo kunyumba ya okalamba pafupi ndi kwathu. Ndi pabwino, pofunda, anthu owayang'anira usana ndi usiku."

"Pofunda! M'bokosi namonso akuti mofunda," anatero a Arvo. "Nyumba imene ija ndinamanga ndi malemu mkazi wanga Irja, matabwa tinkanyamula awiri. Ndidzatulukamo atandinyamula anthu, osati ndi sutikesi."

Mawuwo anali aukali koma anali a munthu wamantha. Marcy anawamvera chisoni. Anakoka mpando n'kukhala.

"A Salmela, ng'anjo yanu anaiona komaliza ndani?"

"Ine. Wina ndani? Ndimathira mafuta, ndimaimvetsera, basi. Ng'anjo yabwino sifuna dokotala."

"Mwamva?" anatero Glenn motsitsa mawu.

"Nanga mabatire a mu alamu anapita kuti?"

Akuluwo anayang'ana kudenga. "Wailesi inandifera masewero a mpira wa hoke ali pakati. Ndikanatani? Ndinangobwereka. Analinso atsopano, amphamvu, ndinamva mpaka kumapeto."

"Atsopano? Anaika ndani?"

"Uyu, Lamlungu. Anabwera kudzandikokolera chipale padenga, n'kuyambanso kugwiragwira zinthu m'nyumba. Atachoka sanandipatsenso mtendere. Foni, foni, foni. 'Bambo muli bwino? Bambo simunamve kanthu?' Ndimve chiyani? Ndinamuuza kuti chimene ndikumva ndi iweyo basi."

Glenn anali ataimirira pawindo, atawapatsa msana. "Munachotsa mabatire," anatero, ngati akudzilankhulira. "Munachotsa mabatire, bambo."

Mwana aliyense akanakwiya, ndipo Marcy ankayembekeza mkwiyo. Koma mawu a Glenn analibe mkwiyo. Marcy anazisunga mumtima n'kutsanzika.

*

Duane Bessolo ndiye ankakonza ng'anjo za theka la tauniyo. Anali munthu wamfupi, wadazi, wokonda nthabwala, ndipo Marcy anamupeza m'shedi yake akutsuka timapaipi m'beseni.

"Ndikubwera ndekha, achimwene, musathawe," anatero Marcy. "Ndikufuna nzeru zanu. Chumuni cha ng'anjo ya mafuta chikakhala zaka zambiri chosasesa, chimaoneka bwanji mkati?"

"Mwaye wokhawokha, mlongo. Ukangopisa dzanja umatuluka ngati wachokera kumgodi, mkazi wako sangakulole kukhala pampando. Ndiye ng'anjonso imayamba kudya mafuta ngati ili ndi njoka zam'mimba, kutentha osatentha. Ukufunsiranji? Yako yayamba?"

"Ya a Salmela."

Duane anasiya kutsuka. Anayambanso, koma kapaipi kamene ankatsukako kanali koyera kale.

"Ndamva. Zachisoni."

"Munalowapo m'nyumba imene ija?"

"Ine? Kwa a Arvo? Ukufuna andiwombere? Akandiona pamsewu amawoloka, amati ndine wakuba wovala ovolosi."

"N'zodabwitsa. Bud wapisa mkono wonse m'chumuni chawo, watuluka woyera."

"Mwina mphepo," anatero Duane. "Kumtunda kuja kumawomba."

"Mphepo imasesa chumuni?"

"Ine ndine wa ng'anjo, za mphepo kafunse a zanyengo."

Marcy anaseka pang'ono n'kuvala chipewa. Sanaumirize. Anthu a ku Kivela ukawakankha amauma ngati chitsa, koma ukawasiya amakutsatira okha. Anafika pakhomo n'kunena mosayang'ana kumbuyo:

"Chabwino. Ndingotsika ndekha m'chipinda chawo chapansi ndikaone."

"Usamale ndi sitepe yomaliza, ndi yothyoka," anatero Duane. "Ndipo babu yake imafuna kuipotoza kaye."

Mawu atatuluka ndi pamene anawamva. Dazi lake linafiira mpaka kumakutu. Marcy anatembenuka pang'onopang'ono n'kutsamira chitseko.

"Mwadziwa bwanji, achimwene, poti simunalowemo?"

Duane anapukuta manja nthawi yaitali.

"Ine ndinalumbira, Marcy. Sindingayambe ndine. Pita kwa mayi Verna."

*

Mayi Verna anali atatereka kale khofi, chifukwa galimoto ya polisi anaiona isanakhote. Anadula buledi wotsekemera wotchedwa nisu, anamukankhira Marcy batala, ndipo sanalole funso lililonse mpaka mlendo ataluma.

"Ndiye Duane wakutumiza kuno? Kamwa lake lija! Ndinadziwa kuti tsiku lina lidzatigulitsa."

"Lidzakugulitsani ndani ndi ndani, mayi?"

"Ife amayi, mwana wanga. Tamvera. Amuna a tauni ino ng'anjo amaiona ngati mkazi wawo, sangalole mwamuna wina aikhudze. Ukati tiitane mmisiri, nkhondo. 'Ndikonza ndekha.' Akonza liti? Ndiye ife tinatopa n'kudzuka pakati pa dzinja nyumba ili zii, ana akulira, mapaipi a madzi ataphulika. Tinapangana. Mu Novembala, amuna akangonyamula mfuti kupita kutchire kukasaka agwape, Duane amayamba kuzungulira, nyumba ndi nyumba. Kale ankazungulira bambo ake. Amasintha sefa, amatsuka poyakira moto, amasesa chumuni kuyambira pamwamba mpaka pansi. Sasiya chizindikiro chilichonse, ngakhale phazi. Amuna akamabwera ndi ndevu zawo ndi fungo lawo, amapeza nyumba yofunda, n'kumadzitama kuti ng'anjo zawo n'zolimba."

Marcy anaika kapu pansi. "Ine bwanji sindinamvepo zimenezi?"

"Iwe? Iwe unkapita ndi amuna kutchire! Ukanamva bwanji? Mayi ako omwe ankatero. Ukuganiza kuti ng'anjo ya bambo ako inkayendera mapemphero?"

Marcy anakumbukira bambo ake akusisita ng'anjo yawo monyadira, ndipo anaseka mpaka misozi. Kenako kuseka kunatha, chifukwa anaona kumene nkhaniyo ikulowera.

"Koma mayi Irja anamwalira."

"Anamwalira, koma anandisiyira kiyi ndi mawu. Ali pabedi lomaliza anandigwira dzanja n'kuti, 'Verna, chitsiru changa chija chisadzazizidwe.' Chichokereni iwo sindinaphonyepo. Nyengo inonso Duane anabwera, ine ndinamuunikira tochi. Chumuni anachisiya choyera moti ukanatha kumweramo."

"Mu Novembala."

"Mu Novembala. Mbalame zinali zitapita kale kummwera. Ndiye m'mawa uno ndikumva Bud akukuwa kuti chisa, chisa. Ndinati mbalame yanji imeneyo yomanga mu Januwale, m'chumuni chotuluka utsi? Koma ndikanena, ndiye kuti ndaulula amayi onse a msewu uno. Ndakhala pano mutu ukundizungulira."

Marcy anatsegula thumba la pepala n'kuliika patebulo. Mayi Verna anavala magalasi, anasuzumira, ndipo anagwira pakamwa.

"Ambuye! Ichi n'cha Irja."

"Cha mayi Irja bwanji?"

"Ulusiwu. Ndi wa juzi imene anamulukira Arvo. Zotsala ankazidula n'kuzipachika pampanda kuti mbalame zitole. Chisa chimenechi chinali pamwamba pa chitseko cha sauna, kuseri kwa nyumba. Chinamangidwa chaka chake chomaliza. Arvo salola munthu kuchikhudza. Loweruka lililonse akamalowa kukasamba nthunzi amachivulira chipewa, amaganiza kuti sindimuona."

"Loweruka lapitali anachivulira?"

"Anachivulira."

"Ndiye kuyambira Loweruka, anakwera padenga ndani?"

Mayi Verna anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi epuloni.

"Glenn basi. Mwana amene uja ndinamunyamulapo pamsana," anatero potsiriza. "Chaka chilichonse chiyambire ali wamng'ono amapita ndi bambo ake kutchire. Za Duane sakudziwa."

*

Pamwamba pa chitseko cha sauna panali mkombero wa dothi louma, pamene chisa chinali. Marcy anauyang'ana, anayerekeza ndi chimene chinali m'thumba, ndipo zinagwirizana. Kenako anatsika m'chipinda chapansi, anadumpha sitepe yomaliza, anapotoza babu. Ng'anjo inali yakale, yotuwa, koma atatsegula kachitseko kake sefa inali yatsopano ndipo mkati munali mwaukhondo.

Akukwera, anamva munthu akuyenda m'chipinda chogona. Anali Glenn. Dzuwa la masana linkalowa pawindo, nyumba inali yozizira ngati panja, ndipo iye ankapinda malaya a bambo ake n'kumaika m'katoni. Juzi yobiriwira inali pabedi, sanaipinde.

"Mwayamba kale kulongedza?" anafunsa Marcy.

"Wina ayenera kutero."

"Khalani pansi, Glenn. Tizingocheza."

Anakhala m'mphepete mwa bedi. Marcy anatsamira khoma, manja m'matumba.

"Lamlungu munakwera padenga."

"Kukokolola chipale. Ndimatero chaka chilichonse, denga lingagwe."

"Munafika pachumuni?"

"Ayi. Ndinalibe nacho ntchito."

"Mabatire munaika musanakwere kapena mutatsika?"

"Sindikukumbuka. Pali kusiyana?"

"Mwina palibe. Nanga madzulo muja munkawafunsa kuti sanamve kanthu, munkayembekeza kuti amva chiyani?"

Glenn anatola malaya ena n'kuyamba kuwapinda. "Bambo ndi okalamba. Nyumba ndi yakale. Ng'anjo ija sinasesedwepo chibadwire changa, aliyense akuuzani. Chisa chikhoza kukhalamo zaka."

"Inasesedwa mu Novembala."

Manja a Glenn anaima.

"Imasesedwa mu Novembala aliyense," anapitiriza Marcy mofatsa. "Inu ndi bambo anu mukakhala kutchire. Anayambitsa ndi mayi anu, ndipo atamwalira anapitiriza mayi Verna. Nanenso ndamva lero, musadandaule, tonse opita kutchire anatipusitsa. M'chumuni muja munalibe kanthu mpaka Lamlungu."

Anatulutsa chisacho n'kuchiika pabedi, pafupi ndi juzi. Ulusi unali umodzimodzi.

Glenn anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama n'kubisa nkhope m'malaya a bambo ake.

"Imayenera kulira," anatero. "Alamu imayenera kulira, Marcy. Ndinaiyesa ndekha, inalira moti makutu anandiwawa. Ndinati ikalira atuluka panja, aitana a Bud, adokotala anena, basi avomera kusamuka. Sindinapite kutali. Ndinaima pamalo omwetsera mafuta kunja kwa tauni, ndikuimba foni, ndikudikira. Atandiuza kuti palibe chimene amva, ndinati ndiye kuti chisa chagwera pansi, sichinatseke. Ndinapita kwathu mtima uli m'malo. Ndinagona, Marcy. Ine ndinagona tulo."

"Bwanji simunangolankhula nawo?"

"Kulankhula ndi ndani? Mwezi watha anagwa pa ayezi pakhomo pomwepa, anakhala pansi mpaka wa makalata anawadzutsa. Ine ndinamva kwa anthu. Foni ikalira usiku mtima umandichoka. Ndawapempha, ndawanyengerera, ndakalipa. Amangoti nyumba ndi ya Irja." Anapukuta m'maso. "Ndinatenga chisa chimenechi chifukwa ndi chokhacho chimene ndinachiona. Sindinaganize n'komwe kuti n'cha mayi."

Marcy anamumvera chisoni, ndipo anamukwiyiranso, zonse pamodzi. Munthu wophunzira bwino, wokonda bambo ake, n'kukhulupirira kuti moyo wa munthu ungapachikidwe pa mabatire awiri m'nyumba ya Arvo Salmela.

"Nkhaniyi siithera pano," anatero. "Mukudziwa. Tipita limodzi kupolisi, mukanene zonse monga mwanenera apa, ndipo ena ndi amene akaweruze. Koma tidzera kuchipatala. Adokotala ayenera kumva kuti nyumba ilibe mlandu. Bambo anunso ayenera kumva."

"Ndiwauza bwanji?"

"Ndiyamba ndine. Bwezerani malayawo m'kabati."

*

Glenn anatsala pabenchi ya m'khonde. Marcy analankhula kaye ndi adokotala, kenako analowa n'kutseka chitseko. A Arvo anali atadya, ndipo anamulandira ndi madandaulo a supu wopanda mchere.

"A Salmela, ndili ndi nkhani ziwiri, ndipo zonse simuzikonda."

"Yamba ndi yoipa."

Anayamba ndi ya Glenn. Anaifotokoza mosakometsera, koma sanasiye za mabatire atsopano, za foni, ndi za malo omwetsera mafuta aja. Akuluwo sanamudule mawu, chimene chinali chachilendo. Atatha, anaika chisa pa bulangete.

A Arvo anachinyamula ndi manja awiri. Anakhudza ulusi ndi chala chachikulu.

"Chitsiru," anatero motsitsa. "Chitsiru cha mwana. Anatengera ine." Anakweza maso n'kuyang'ana Marcy. "Koma iwe wadziwa bwanji kuti sichinalimo kale? Chumuni chija sichinasesedwepo zaka zonsezi. Ine ndemwe ndinayamba kuganiza kuti mwina Glenn akunena zoona, kuti ndakalambadi, ndatsala pang'ono kudzipha ndi liuma langa."

"Imeneyo ndiye nkhani yachiwiri."

Anawauza za Novembala, za Duane ndi bambo ake, za amayi a msewu wonse, za kiyi, ndi za mawu amene mayi Irja anasiya. Sanasinthe ngakhale liwu limodzi, ngakhale lija la chitsiru. Nkhope ya a Arvo inafiira, kenako inatuwa. Marcy anakonzeka kumva mabingu.

"Zaka zonsezi?"

"Zonse."

"Bessolo? M'chipinda changa chapansi?"

"Akuti sitepe yomaliza muikonze."

Chimene chinatuluka m'kamwa mwa akuluwo chinayamba ngati chifuwa, kenako chinakhala kuseka, kenako Marcy anayang'ana kumbali chifukwa sichinalinso kuseka. A Arvo anapukuta m'maso ndi kona ya bulangete.

"Ndinkaimirira pakati pa anthu," anatero. "Ndinkati ng'anjo yanga siidwala. Irja ali pambali panga, akungoti, 'Zoonadi, Arvo, uli ndi dzanja labwino.' Mkazi ameneyo!" Anapumira m'mwamba. "Ndiye adokotala akuti chiyani? Ndikupita kofunda kuja?"

"Akuti mukapeza bwino mubwerera kwanu. Bud akaonanso chumuni, ndipo alamu aika yolumikiza kumagetsi, yoti simungabwerekeko kanthu."

A Arvo anatseka maso.

"Ali kuti?"

"Pakhonde. Ndipita naye kupolisi."

"Muuze alowe."

Glenn analowa ngati munthu wolowa m'madzi ozizira. Anaima kumapazi kwa bedi. Bambo ake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ukamaliza ndi apolisi ukabwezere chisachi pamene unachichotsa," anatero. "Ndi manja ako. Ndikhala ndikukuyang'ana."

"Bambo, ine..."

"Ndamva kale. Tsiku lina tidzakalipirana bwinobwino, lero ndilibe mpweya." Anatembenukira kwa Marcy. "Iwe mwana wa Gauthier, ukamuuze Bessolo kuti chaka chino abwerenso."

"Ndimuuza. Abwere inu mulipo, muone mmene amachitira?"

"Ayi!" anatero a Arvo, ndipo ukali wawo wakale unabwerera pang'ono. "Ine ndimuone m'nyumba mwanga? Abwere mu Novembala, Verna amutsegulire, monga Irja anakonzera. Ine ndidzakhala ndili kutchire, sindikudziwa kanthu."

Anayang'ana mwana wawo, amene anali atagwira chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri.

"Ndidzapita ndi uyu," anatero, "ngati apolisinu mudzakhale mutandibwezera mwana wangayu."